Dona Ermelinda ndi Nyumba ya Nambala 14

Dona Ermelinda Nhantumbo akhala pa nambala 14 zaka 59, koma nyumba imene amagonamo lero yangokwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri. Ndi nyumba yosanja kasanu, ya mafulati khumi okha, m'kamsewu kena ka ku Polana mumzinda wa Maputo, komwe masana umatha kumva tsache la wosesa ali kutsidya kwa msewu. Okhalamo ndi anthu oti akamatsika m'galimoto mlonda amathamangira kukatsegula chitseko: loya, dokotala wa maso, mkulu wa kubanki, mabanja awiri a kumaofesi a akazembe, ndi ena otero. Fulati ya pansi, ya kadimba kumbuyo, ndi ya mayi amene ntchito yawo moyo wonse inali kusita zovala za anthu ena. Poyenda amaongoka ngati nsungwi, ndipo akamakupatsani moni maso awo amayamba aona kaye kolala ya malaya anu.

Anafika pamalopo ali mtsikana wa zaka 14, kuchokera ku Manjacaze, atakwera lole ya makala. Azakhali ake ndi amene anamupezera ntchito kwa Mpwitikizi wina wa ku kasitomu, yemwe anali ndi nyumba ya denga lofiira pa nambala 14 pomwepo. Ermelinda ankagona m'kachipinda ka kuseri, pafupi ndi thanki ya madzi, ndipo m'nyumba ankalowera kukhitchini. Khomo lakumaso ankalidziwa kunja kwake kokha, poti Loweruka lililonse ankapukuta chogwirira chake cha mkuwa mpaka chizionetsa nkhope. Mkazi wa bwanayo anali wovuta pa zovala. Shati imodzi ankatha kuibweza kanayi, osanena chimene chalakwika, kungoiponya patebulo. Mtsikanayo analira miyezi yoyamba, kenako anasiya kulira n'kuyamba kuyang'anitsitsa. Anaphunzira kuti nsalu iliyonse ili ndi moto wake, kuti kolala amayambira kunsonga kulowa mkati, ndiponso kuti khwinya limene diso laphonya chikhatho chimalipeza. Pofika zaka 18, akazi a mumsewumo ankachita kumubwereka kukakhala ukwati.

Alfiado anakumana naye ku tchalitchi. Anali mnyamata wamtali woyendetsa makina okweza katundu ku doko. Tsiku limene analimba mtima kuti amuperekeze, Ermelinda anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka m'chiuno n'kufunsa kuti, "Shati yanuyi inatafunidwa ndi ng'ombe kapena?" Alfiado anaseka mpaka kugwira mtengo. Sabata yotsatira anabwera ndi shati zitatu zokulunga m'nyuzipepala, ndipo chaka chisanathe anakaonekera kwa makolo ku Manjacaze.

Ufulu utabwera, eni nyumba anakhomera katundu wawo m'mabokosi. Tsiku lonyamuka mkazi uja anaika makiyi m'manja mwa Ermelinda nati, "Uzitsegula mazenera tsiku ndi tsiku. Tibwera mvula ikatha." Mvula inatha, inabwera ina, nayonso inatha. Boma litatenga nyumba zosiyidwa n'kuyamba kuchititsa lendi, Alfiado anakalembetsa dzina lake, ndipo banjalo linasamuka kuchoka kuseri kulowa m'nyumba yaikulu, ulendo wosakwana mapazi makumi awiri. Komabe kwa miyezi itatu Ermelinda ankazungulirabe kukhitchini, ngakhale pochokera ku tchalitchi atatchena. Tsiku lina anapeza chitseko chakukhitchini chokhoma, mwamuna wake atakhala pakhonde lakumaso akusenda lalanje.

"Bambo a Graciete, kiyi wa kuseri ali kuti?"

"Wasowa, Linda. Koma khomo lina lilipo, lija unkalipukuta lija. Akuti nalonso limatseguka."

Analowera kumaso tsiku limenelo, mwana ali kumsana. Kiyi uja anapezeka madzulo ake m'thumba la Alfiado.

Kenako Ermelinda anapeza ntchito kochapira zovala ku hotelo ina yaikulu yoyang'ana kunyanja, ndipo anakhalako zaka 28, khumi zomalizazo ali woyang'anira anzake. Zaka za nkhondo, pamene m'masitolo munkangopezeka kabichi ndi nsomba za karapau, abale othawa kumudzi, m'chigawo cha Gaza, anadzaza nyumba. Inalipo nthawi imene pa nambala 14 pankagona anthu 19, wina m'bafa mwenimwenimo, ndipo kapinga wa Mpwitikizi uja anasanduka munda wa chinangwa ndi khola la abakha. Palibe amene anabwezedwa pageti. Mtendere uli pafupi, boma linalola anthu kugula nyumba zimene ankachita lendi, ndipo banjali linagula yawo. Alfiado anaika pepala la umwini m'felemu, pambali pa chithunzi cha ukwati. Anamwalira mu 2009, atangodwala mwezi umodzi.

Apo n'kuti msewu utasintha. Maneba akale anali atagulitsa mmodzimmodzi n'kupita ku Matola kapena ku Zimpeto, ndipo m'malo mwawo munabwera mipanda italiitali ndi alonda a yunifolomu. Nyumba ya Dona Ermelinda inatsala yokha, ndi denga lake lodontha ndi abakha ake. Amuna a masuti anayamba kugogoda. Mayiwo ankawapatsa mpando ndi tiyi, kuwamvetsera mpaka amalize, kenako n'kuwaperekeza pageti. Mwana wawo Graciete, yemwe ndi mphunzitsi ku Matola, zimenezi zinkamupweteketsa mutu.

"Mama, mukudikira kuti denga likugwereni? Anthuwa akupereka zoti mungamange nyumba ziwiri kwathu ku Matola, ina n'kumachititsa lendi."

"Ku Matola ndizikatani ine, kuwerenga malole?"

"Nanga kuno mukuwerenga chiyani, abakha?"

"Abakhawo amandidziwa."

Amene anapeza njira anali mayi wachitsikana, Injiniya Zuleika Amade, wojambula mapulani a nyumba, yemwe pamodzi ndi anzake awiri ankafuna kumanga nyumba ya mafulati ochepa koma apamwamba. Anafika Lachiwiri m'mawa n'kupeza Dona Ermelinda akusinja chigwada kuseri. Sanatulutse pepala lililonse. Anavula nsapato zake zazitali, n'kupempha musi, ndipo anasinja mpaka thukuta linaononga bulauzi. Atakhala pansi anafunsa kuti, "Mamana, onse amene anabwera kuno munawabweza. Inuyo mukufuna chiyani?"

Zaka zonsezo panalibe amene anawafunsapo Dona Ermelinda funso limenelo. Onse ankabwera yankho lili kale m'chikwama.

"Ine pano sindichoka, mwana wanga. Ngati mukufuna kumanga, mumange ine ndili momwemo."

Zuleika anabweranso patapita masabata awiri atanyamula mapulani. Anawayala patebulo n'kuloza pamwamba penipeni, fulati yoona nyanja mbali ziwiri. Dona Ermelinda anavala magalasi, n'kutsetsereka ndi chala mpaka pansi.

"Nyanja ndaiona zaka 28 pazenera la kochapira. Apa mwaika chiyani?"

"Apo ndi chipinda cha masewera olimbitsa thupi."

"Pamenepo ndi pomwe pali bedi langa ndi Alfiado. Olimbitsa thupiwo azikwera masitepe, thupi lilimba."

Anzake a Zuleika sanakondwe nazo. Ankati anthu ogula mafulati a mtengo wotere sadzafuna kuona mayi wokalamba akuyanika zovala kunsi kwa makonde awo. Nkhani inakokana miyezi isanu ndi itatu. Dona Ermelinda sanakwezepo mawu ngakhale tsiku limodzi. Ankangobwereza zomwezo: fulati ya pansi, kadimba koti aziyanikamo zovala padzuwa ndi kusinjiramo, ndi dzina lawo pa pepala la umwini monga wina aliyense. Pomaliza enawo anagonja, chipinda cha masewera n'kuchisunthira koimika magalimoto. Mapepala atabwera, mayiwo anapita nawo kwa loya wa mumpingo mwawo kuti awawerengere kawiri, kachiwiriko m'Chichangana, chiyankhulo chakwawo, ndipo anasaina atamva mzere uliwonse.

Tsiku logwetsa nyumba anaima kutsidya kwa msewu atagwira dzanja la Graciete. Makina anayambira kukachipinda ka kuseri, kamene kanaphwanyika ngati bokosi la machesi, ndipo iwo sanaphethire n'komwe. Pa nyumba yaikulu ndi pomwe misozi inatsika. Sanaibise, komanso sanachoke mpaka fumbi litakhazikika. Abakha anali atagawira kale akumpingo.

Zaka ziwiri zomanga anakhala kwa Graciete, koma Lachinayi lililonse ankalawirira kukakwera chapa, minibasi yopita ku Polana, kupanikizana ndi anthu opita kuntchito. Amisiri anawapatsa chipewa cholimba ndi dzina loti a Insipekitala. Poyamba ankangowaseka, mpaka tsiku limene mayiwo anayendetsa chikhatho pa matailosi a polowera n'kunena kuti mzere wachitatu wadumpha. Kapitawo anabweretsa chida chake choyezera kuti awachititse manyazi, koma manyaziwo anagwera iye. Anaswa mzere wonse n'kuyambiranso.

Analowa m'nyumba yatsopano mwezi wa Ogasiti, atavala kapulana, chitenje chogulira tsikulo. Pansi panali posalala moti ankaponda mosamala ngati pa ndere. Khitchini inali ya mwala wakuda wonyezimira, madzi otentha ankatuluka nthawi ina iliyonse, ndipo magetsi akazima jenereta inkadzuka yokha popanda woiuza. Ukatseka zenera, mzinda wonse unkatsala panja. Anaika mpando wa Alfiado pakona n'kupachika mafelemu, amene tsopano anali atatu poonjezerapo pepala la umwini latsopano. Graciete atafunsa ngati akusangalala, anangoti, "Bambo ako akanavula nsapato pakhomo." Kenako anapita kubafa kukatsegulanso mpopi, kachitatu.

Sabata yoyamba yomweyo, ali m'kapulana yakale akuthirira maluwa a polowera, m'chikepe munatuluka bambo wathupi, wonunkhira, atakoleka jekete pamkono. Anali Dotolo Baltazar Chirindza, loya wokhala pamwamba penipeni (kumeneko loya naye amatchedwa Dotolo), amenenso eni mafulati anali atamusankha kukhala wapampando wawo.

"Mamana, mumagwira kwa ndani muno? Wantchito wanga wachedwa, ndipo ine ndili ndi mlandu naini koloko. Tandisitireni jekete iyi mwachangu, ndikupatsani ya chapa."

Dona Ermelinda anayang'ana jeketeyo. Inali ya ubweya wabwino, koma wina anali ataipsereza m'mapewa ndi simbi yotentha mpaka kunyezimira. Anaimvera chisoni nsaluyo. Anaitenga, ndipo patapita mphindi khumi ndi zisanu anabwera nayo pa hang'ala. Loyayo anaitembenuza uku ndi uku. Chigulireni inali isanaonekepo choncho. Atapisa m'thumba, mayiwo anakweza dzanja.

"Sungani, a Dotolo. Ine ndine wa fulati nambala wani, neba wanu. Kungoti mukawauze akunyumba kuti ubweya sasita popanda kansalu konyowa pamwamba."

Dotolo Baltazar anapepesa katatu m'Chipwitikizi cha kukhoti. Kuyambira tsikulo moni wake wa "Dona Ermelinda" ankaupereka mokweza, kuti aliyense amve kuti amawadziwa.

Panabweranso kakalata kodandaula kuti mtondo ukugunda m'mamawa anthu akadali m'tulo. Iwo anavomera kuti wodandaulayo akunena zoona, nayamba kusinja ikakwana naini. Loweruka lotsatira anatumiza mbale ya matapa, chigwada chotendera chophikira nkhanu, kwa mwini kalatayo. Mbale inabwerera yotsukatsuka, pamodzi ndi funso lakuti kodi Loweruka linalo aphikanso.

Nkhani yaikulu inabwera patatha miyezi isanu. M'mawa wina anapeza mayi atakhala kunsi kwa masitepe a kumbali, dengu la kumsika lili pansi, akusisita bondo. Anali Salmina, wantchito wa kwa Dotolo Baltazar uja, mayi wa zaka za m'ma 50 amene ankadzuka folo koloko ku Zimpeto kuti apeze malo m'chapa.

"Mana Salmina, mchemwali wanga, chikepe chafa?"

"Chili moyo, Dona. Tafa ndife. Simunaone pepala?"

Pepalalo linali pambali pa chitseko cha chikepe, losainidwa ndi wapampando. Linkati kuyambira Lolemba antchito onse azilowera geti la kumbali ndi kukwera masitepe, ndipo chikepe ndi cha eni nyumba ndi alendo awo. Ena anali atadandaula kuti galasi la m'chikepe likumada komanso mukumatsala fungo la nsomba. Dona Ermelinda analiwerenga kawiri, milomo ikuyenda. Anabwerera kwa Salmina n'kunyamula dengu lija.

"Dzukani. Lero ndinu mlendo wanga."

"Dona, mundichotsetsa ntchito."

"Pepala likuti eni nyumba ndi alendo awo. Ine ndine mwini nyumba. Inu simunabwere kudzandiona?"

"Kukuonani ndiye ndakuonani."

"Basi, tiyeni ndikuperekezeni."

Anakwera limodzi mpaka pamwamba. Mawa lake hafu pasiti sikisi, Dona Ermelinda anali atakhala kale pampando pafupi ndi chikepe, duku atamanga bwinobwino. Wantchito aliyense akafika, kaya wolera ana, kaya wophika, ankamulonjera ngati mlendo wochokera kutali, kumufunsa za kunyumba, n'kumuperekeza mpaka pakhomo pa abwana ake. Ankakwera ndi kutsika kopitirira kakhumi m'mawa uliwonse. Mlonda ankangoyang'ana kudenga ngati akuwerenga mababu. Tsiku lina mkulu wa kubanki anadikira chikepe mphindi zisanu, ndipo chitatseguka anapeza mayiwo ndi alendo awo atatu akufa ndi phwete pa nkhani ya kondakitala wa chapa. Patatha masabata awiri, wapampando anaitanitsa msonkhano.

Unachitika Loweruka masana m'chipinda cholandirira alendo, pa mipando yachikopa, eni mafulati onse khumi alipo. Dotolo Baltazar anayankhula nthawi yaitali ndi mawu a m'mabuku. Anati lamulolo silikunyoza munthu, likungofuna dongosolo, ndipo nyumba zambiri zapamwamba zimatero. Mkazi wa mkulu wa kubanki anaonjezera kuti iwo anagula kuno pofuna bata, osati kuti azipanikizana ndi madengu.

Dona Ermelinda anaimirira, ngakhale ena onse ankayankhula ali chikhalire.

"Ine sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi, ndiye mundikhululukire, ndinena mwachidule. Pamene mwakhalapa panali nyumba. Ndinagwiramo ntchito zaka khumi ndikulowera kuseri. Nanenso anandiuza chimodzimodzi, kuti si chipongwe, ndi dongosolo. Amene anandiuza zimenezo anakwera ndege, ndipo ine ndimayesa dongosololo anapita nalo." Anatembenukira kwa loya uja. "A Dotolo, nsomba ikununkha m'chikepeyo amadya ndani? Salmina akukwera nayo masitepe 90 kuti inu mukaidye pa mbale yoyera. Manja ake ndi abwino pokukonzerani chakudya, koma mapazi ake ndi oipa kuti aponde pomwe mwaponda inu? Ngati vuto ndi galasi, ndipatseni kansalu. Magalasi ndapukuta ambiri."

Amene anayamba kutsegula pakamwa anali Dotora Felismina Tembe, dokotala wa maso wa pa nsanjika yachitatu, mayi wosakonda zoyankhulayankhula. Anati iyenso amayi ake anamuphunzitsa sukulu ndi ndalama za ntchito yochapa m'nyumba za anthu, ndipo pepalalo analiona tsiku loyamba n'kungodutsa, zomwe zikumuchititsa manyazi. Anavota pokweza manja. Asanu ndi mmodzi anati pepala lichoke, anayi anati likhale.

Dotolo Baltazar anasonkhanitsa mapepala ake. "Ngati pali wodziwa kuyendetsa nyumbayi kuposa ine, mpando ndi uwu."

Ananena mopsa mtima, poganiza kuti amunyengerera. Koma Dotora Felismina anangoti, "Ine ndikutchula Dona Ermelinda."

"Ine za makompyuta sindizidziwa," anatero mayiwo.

"Za makompyuta zili ndi kampani imene tinailemba ntchito. Ku hotelo kuja munkayang'anira anthu angati?"

"Makumi awiri ndi awiri. Ndi makina anayi okonda kufa."

Manja anakweranso, ulendo uno asanu ndi awiri.

Anakhala pampandowo zaka zinayi. Tsiku lililonse seveni koloko ankayambira pamwamba kutsika, kansalu koyera kali m'manja, akuyang'ana mababu ndi mipopi, akununkhiza ngati gasi akutuluka penapake. Wokonza chikepe anaphunzira kuti akanena Lachitatu ndiye kuti Lachitatu. Kachipinda kosungiramo utoto anakasandutsa mosinthira antchito, n'kuikamo benchi, ketulo ndi pokoleka zovala. Koma sankasekerera aliyense. Wolera ana wina amene ankasiya geti lotsegula akamacheza pafoni anamukhazika pa benchi yomweyo n'kumuuza mawu oti sanabwerezenso. Anthu ofuna fulati ku Polana anayamba kufunsa ngati pa 14 pali malo, ndipo malowo sankapezeka.

Dotolo Baltazar anatha miyezi isanu akungogwedeza mutu akakumana nawo. Kenako kunamveka kuti nyumba yoyandikana nayo yagulidwa ndi munthu wofuna kutsegulapo bala ya nyimbo. Dona Ermelinda anakwera pamwamba n'kugogoda. Anatsegula ndi Salmina, yemwe ntchito yake inali ikadalipo, n'kuwalowetsa pabalaza pomwe loyayo ankawerenga nyuzipepala.

"A Dotolo, ine ndimadziwa kusita, inu mumadziwa kulemba. Bala imeneyi ikatsegulidwa tonse tulo tiiwale, wa pansi ndi wa pamwamba yemwe."

Loyayo anawayang'ana kanthawi pamwamba pa magalasi. "Mwabwera kudzandilemba ganyu, a wapampando?"

"Ya chapa ndikupatsani."

Anaseka mpaka kutsokomola. Analemba kalata ya masamba anayi, ndipo Dona Ermelinda anayenda nayo khomo ndi khomo kusainitsa msewu wonse, poti alonda ndi ophika a nyumba iliyonse ankawadziwa ndipo ankawatsegulira mageti amene ena sawatsegulira. Ku khonsolo anapita awiriwo, mayiwo atakhala kutsogolo m'galimoto ya loyayo. Mwini bala uja anakaitsegula kwina, kumunsi kwa mzinda, ndipo nyumba ija pano ndi sukulu ya mkaka, imene phokoso lake limatha thwelofu koloko.

Udindowo anautula atakwanitsa zaka 71, chiuno chitayamba kuvuta. Kuchipatala anawauza kuti mankhwala abwino ndi kuyenda m'madzi. Padenga la nyumbayo pali dziwe losambiramo, ndipo zaka zinayi zonsezo iwo ankaliyendera m'mawa uliwonse kuona ngati madzi ali oyera, koma anali asanaviikemo ngakhale chala chakuphazi. Ku Manjacaze anakula akuuzidwa kuti madzi akuya ali ndi eni ake, ndipo ku hotelo dziwe linali la alendo.

Graciete anawaperekeza kukagula chovala chosambirira. Anakana zinayi n'kusankha chakuda chofika m'maondo, ndipo tsiku loyamba anakwera padenga atachiphimba ndi kapulana ziwiri. Dotora Felismina, amene amasambira m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, ndi amene anadzipereka kuwaphunzitsa.

"Gonani chagada, Dona, ndakugwirani."

"Mukandisiya ndikakusumirani kwa a Dotolo Baltazar."

"Sindikusiyani. Tayani mutu kumbuyo ngati akukutsukani tsitsi."

"Madziwa akulowa m'makutu."

"Alekeni alowe, ndi anu omwe."

Mwezi woyamba ankangoyenda m'mbali atagwira khoma. Wachiwiri anaphunzira kuyandama. Anamwa madzi ambiri, ndipo kawiri konse analumbira kuti sabweranso, koma mawa lake dokotalayo ankawapeza atafika kale, atakhala pamphepete mapazi ali m'madzi. Mwezi wachisanu, Lachisanu lina kutacha bwino, anachoka pakhoma popanda wowagwira. Sikuti ankasambira mokongola. Ankamenya madzi ngati akuchapa bulangete, mutu uli m'mwamba, maso ali pa khoma la kutsidya. Dotora Felismina ankayenda pambali pawo. Atagwira khomalo, mayiwo anapuma nthawi yaitali, chipumi atatsamiritsa pa matailosi.

"Mamita angati amenewa?"

"Khumi ndi awiri, Dona."

"Muimbireni Graciete. Mumuuze kuti khumi ndi asanu."

Lero ali ndi zaka 73. Amasambira Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, kupita ndi kubwera kanayi, ndipo chiuno chija chinayamba kuwamvera. Mwezi wathawu anauza Graciete kuti sukulu zikatsekera mu Disembala awatengere kunyanja ku Bilene, akayeseko madzi amchere.